Gulu la Banja, Chilomoni: za printer ndi router

Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Loweruka ndikubwera ku Chilomoni kudzalumikiza makompyuta atatu aja ku printer. Zofunika kugula ku Limbe ndi router, toner ndi chingwe cha netiweki. Tinagwirizana K12,000 aliyense. Apereka ndi 4 mwa anthu 9.

Malume Bwanali: Ine ndinapereka kale. Pa Mpamba, Lachiwiri.

Azakhali a ku Bangwe: Mwanawe, tandilongosolera kaye. Router ya chiyaninso? Printer ija si ikugwira?

Chisomo: Ikugwira Azakhali, koma ndi ya chingwe cha USB, ndiye imamvera kompyuta ya pabalaza yokha. Tadala akafuna kusindikiza mapepala okonzekera MSCE amayenda ndi flash kuchoka kunyumba ya kuseri, ndipo ma flash omwewa ndi amene anatibweretsera virus. Makompyuta onse akakhala pa router imodzi, aliyense azisindikiza ali pomwe ali.

Mayi a Tadala: Flash ija sinali ya Tadala chonde.

Chisomo: Sindinatchule munthu alamu.

Malume Bwanali: Ine ndinapereka kale. Ena uthenga awerenga koma angoti zii.

Achimwene Yohane: Nanga bandulo ya mwezi ndi mwezi azigula ndani? Zapakhomopo timazidziwa, zimayamba ndi tonse koma zimatsalira munthu mmodzi.

Chisomo: Achimwene, kusindikiza ndi kupatsirana mafayilo sikudya bandulo. Makompyuta amalankhulana kudzera pa router m'nyumba momwemo, intaneti ikhalepo isakhalepo. Bandulo azigula ofuna YouTube.

Azakhali a ku Bangwe: Koma mu kompyuta ya pabalaza muja muli mapepala a poloti ya Agogo. Ndiye mwana aliyense azitsegula?

Chisomo: Ayi. Nditsegula foda imodzi yokha, ya Banja, momwe muli zithunzi ndi mndandanda wa zopereka. Ena azingowerenga, osasintha kapena kufufuta. Password protected sharing ndiisiya yoyatsa, wopanda pasiwedi salowa. Mapepala a poloti akhala kwaokha.

Achemwali Esnart: Kwaokha kuti? Paja ena tinapempha kope lake chaka chatha, mpaka lero.

Malume Bwanali: Za poloti si zapagulu pano.

Achemwali Esnart: Ndangofunsa Malume.

Azakhali a ku Bangwe: Tikadali pomwepa, mankhwala a BP a Agogo atsala a sabata imodzi. Feteleza wa kumunda naye sitinakambe, mvula ili pafupi.

Mayi a Tadala: Denga la pabalaza likudontha kale, pamwamba penipeni pa tebulo la kompyuta. Dzulo ndaikapo beseni.

Achimwene Yohane: Malata ndinatumizira ndalama mu June.

Mayi a Tadala: Inapita ku chipatala ija, ndinakuuzani.

Malume Bwanali: Za malata tikambe tsiku lina. Ine za router ndinapereka kale.

Dalitso: Achimwene Chisomo, ine ndinayesa pa laputopu yanga kufuna HomeGroup, njira ija yogawirana mafayilo ndi printer mu Windows, osaipeza.

Chisomo: Suipeza, Microsoft anaichotsa mu Windows 10 mu 2018. Pano pa kompyuta iliyonse umasintha netiweki kukhala Private, chifukwa ikakhala Public kompyuta imabisala kwa zinzake. Kenako uyatse Network discovery ndi File and printer sharing. Pa ya pabalaza ndilowa mu Printer properties, pa Sharing, n'kuchonga Share this printer. Kompyutayo ndiitcha dzina loti PABALAZA. Iwe ungolemba \\PABALAZA mu File Explorer, foda ndi printer zionekera, udina kumanja pa printer n'kusankha Connect. Basi.

Dalitso: Nanga pa foni?

Chisomo: Printer iyi ilibe Wi-Fi, za pafoni uzitumiza kaye ku laputopu. Chinanso mudziwiretu nonse: kompyuta ya pabalaza ikakhala yozimitsa kapena yagona, palibe angasindikize. Magetsi akazima, router nayo izima.

Mayi a Tadala: Ndiye iziyaka tsiku lonse? Mayunitsi ogula ndine pakhomo pano.

Chisomo: Ayi alamu, wofuna kusindikiza aziyatsa, akamaliza azimitse.

Achimwene Yohane: Ndiye munthu azipitabe pabalaza kukayatsa. Bwanji osangogula printer ya Wi-Fi? Kuno ku Johannesburg zilipo zambiri. Ndiponso Windows 10 yomwe ili mmenemo Microsoft anasiya kuisamalira pa 14 October 2025.

Chisomo: Zoona Achimwene, koma K12,000 yokhayi ikutivuta kutolera. Router imeneyi idzagwirabe ntchito tikadzagula printer ina, sititaya kanthu.

Azakhali a ku Bangwe: Mukabwera pa Khirisimasi mutitengere, a Yohane.

Malume Bwanali: Ine ndinapereka kale. Chisomo, tchula maina a otsala.

Chisomo: Maina sinditchula Malume, aliyense akudzidziwa. Otsala ndi 5. Ndalama ikapanda kukwana pofika Lachisanu madzulo, ndigula router ndi chingwe, toner idikire.

Achemwali Esnart: Yanga ndatumiza pa Airtel Money, taona. Koma ine ndili ku Lilongwe, foda imeneyo ndiziiona?

Chisomo: Yafika achemwali, zikomo. Foda ndi ya amene ali pa router ya pakhomopo okha. Inu zithunzi ndizikutumizirani pa WhatsApp.

Achemwali Esnart: Chabwino. Ndi kope lija.

Azakhali a ku Bangwe: Ine Lachisanu, ndikatolera ngongole kumsika. A Ganizani ali kuti? Chiyambire sabata yatha sanayankhepo.

Malume Bwanali: Ndawaimbira kawiri, sakuyankha.

Chisomo: Alamu, tebulo la kompyuta mulisunthe pomwe pakudonthapo, mulifikitse pafupi ndi soketi ya kuzenera, router ndiika pamenepo kuti Wi-Fi ifike kuseri. Dalitso ndi Tadala, malaputopu akhale otchaja, ndifika 9 koloko.