Liwu loti "mwenye" ndi mayina a Alemba: pali Chiyuda apa?

Nabanda:
Akuluakulu ndithandizeni. Kwathu kuno mwenye ndi munthu wochokera ku India, koma Alemba a ku Mberengwa ku Zimbabwe amatchedwanso Amwenye, ndipo iwo amati makolo awo anali Ayuda ochokera ku Sena. Liwuli linkatanthauza chiyani kale? Nanga mayina a mafuko awo ndi umboni?

A Phiri:
Mayi, liwuli ndi la kugombe. M'Chiswahili mwenye ndi mwini chinthu, mwinyi ndi bwana wolemekezeka. Apwitikizi a ku Mozambique analitenga n'kumati monhé, kutanthauza amalonda a Chisilamu ndi a ku India. Choncho linkaloza wamalonda wobwera ndi nsalu ndi mikanda kuchokera kunyanja, osati mtundu wake kapena chipembedzo chake.

A Mwale:
Pa mayina m'pamene ambiri amapunthwa. Mafuko a Alemba ndi monga Buba, Hamisi, Sadiki, Bakali ndi Seremane. Hamisi ndi la Chiarabu, khamis, tsiku la Lachinayi. Seremane ndi Sulaimani. Pitani ku Mangochi mukawapeza a Hamisi ndi a Bakali ambirimbiri pakati pa Ayao, ndipo palibe amawatcha Ayuda.

Za magazi: mu 2000 gulu la akatswiri ofufuza Mark Thomas ndi Tudor Parfitt linapeza kuti pafupifupi theka la amuna a fuko la Buba ali ndi chizindikiro pa Y (kachigawo ka chibadwa komwe mwana wamwamuna amatengera kwa bambo ake) chomwe chimapezeka kwambiri mwa a Cohen, mbumba ya ansembe a Chiyuda. Vuto n'lakuti anayeza malo 6 okha pa Y, ndipo chizindikirocho Aarabu ena alinso nacho. Katswiri wina, Himla Soodyall, atayeza malo ochulukirapo mu 2013, kufanana kuja sikunaoneke. Chotsimikizika n'chakuti makolo ena aamuna anachokera ku Middle East. Musaiwalenso kuti Y amatsata bambo, pomwe lamulo la aphunzitsi a Chiyuda (marabi) limawerengera Chiyuda kwa mayi.

A Phiri:
Ngakhale ku Ulaya dzina limanyenga. Ayuda a ku Austria anakakamizidwa kukhala ndi mayina okhazikika mu 1787, pa lamulo la Mfumu Joseph II, ndipo ambiri anatenga a Chijeremani wamba. Rosenberg lilipo kwa Ayuda ndi kwa Akhristu omwe. Odalirikako ndi Cohen, Levi, Katz ndi Segal. Apo ayi fufuzani kalata yaukwati ya ketubah kapena mwala wa pamanda: manja awiri otambasula ozokotedwa pamwalapo ndi a Cohen, mtsuko ndi wa Levi.