Za mwambo wa kumsitu ndi ndalama za achimwene a ku Joni

Mlembi: Zikomo akuluakulu nonse. Achimwene athu a ku Johannesburg atumiza K800,000 yothandizira mwambo wathu wa kumsitu wa chilimwe chino. Maganizo awo ndi akuti tilambule pabwalo paja pakule, timange nsanja ya alendo, tibwereke tenti ndi zimkuzamawu. Tiyeni tikambirane.

Mayi a ku Area 25: Ambuye awadalitse. Koma ndalamayo ili m'manja mwa ndani?

Msungichuma: Ili ku akaunti ya gulu, mayi.

Aphunzitsi Opuma: Tithokoze kaye mwana wathu, sanaiwale kwawo. Koma zolambula msituzo ine ndakana. Misuku ndi mitondo ili pabwalo paja inatsala chifukwa chakuti ili pafupi ndi manda, anthu amaopa kulowetsako nkhwangwa. Kwina konse anatentha makala. Kwerani pachulu cha kuseri kwa sukulu muyang'ane kumtunda, muona zitsa zokhazokha ndi mauvuni akale. Ndiye ife eni ake tikagwetse yotsalayo kuti alendo akhale pamipando ya pulasitiki? Mthunzi ulipo kale. Amayi amayala mphasa pansi pa mitengo, mbiya za thobwa zimakhala poziziritsa pomwepo, anyamata amawamba ng'oma pamoto wa mapesi. Mbalule ikalira m'mitengo muja imamveka mpaka kudambo. Chimkuzamawu chikagwira ntchito yanji?

Wa ku Joni: Amalume, sindinanene kuti tidule msitu wonse. Mitengo khumi yokha. Taonani Umhlangano wa ku Nkolimbo ku Ntcheu, anthu amachokera kutali, amalonda amagulitsa, atolankhani amabwera. Kulamba ku Mkaika ndi chimodzimodzi. Ife tizingokhala obisika mpaka liti? Amayi athu akanagulitsako kachewere ndi kabichi.

Aphunzitsi Opuma: Mphwanga, ku Nkolimbo ndi mwambo wa Angoni onse a Maseko pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani, ndipo amakumbukirako Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Ku Mkaika ndi kwa Kalonga Gawa Undi, kumasonkhana Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Chathuchi ndi cha midzi yathu yokha, kuthokoza mizimu tikakolola, ndipo mwini bwalo ndi amfumu, osati gulu la pafoni lino. Ngati nkhani ndi alendo, kuno ku Dedza tili ndi chitsanzo pakhomo. Zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, malo okwana 127. Anthu amakwera mapiri ku Chentcherere ndi ku Mphunzi kukaona zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu, za chinamwali ndi za gule, chifukwa zikadali mmene anazisiyira. Gule Wamkulu naye UNESCO inamuzindikira mu 2005 akuvinidwa pafumbi, popanda nsanja.

Aphunzitsi Opuma: Komanso msitu uja uli m'manja mwa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Ife amene timadzudzula anyamata a makala tikapezeka ndi mitengo khumi ili pansi, tidzawauza chiyani?

Mayi a ku Area 25: Zonsezo zamveka aphunzitsi, koma ine funso langa silinayankhidwe bwino. Tinasonkha ndalama zokonzera mjigo wa kumpoto mu 2022. Ine ndinapereka, ana anga anapereka. Mpaka lero chogwirira chake chili lende, mayi anga akutunga kudambo pamodzi ndi ng'ombe. Akaunti yomweyo ndi imene mwaikako ndalama ya achimwenewa?

Msungichuma: Mayi, nkhani imeneyi tinafotokoza kale. Ndalama sinakwane, tinkadikira ena amalize kusonkha. Kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mapaipi ndi ndodo zake zinakwera mtengo. Ine sindinadye tambala ya munthu.

Mayi a ku Area 25: Ngati sinagule kanthu ndiye kuti ilipo. Tionetseni.

Msungichuma: Ina inapita kwa mmisiri amene anabwera kudzaona vuto. Buku la nthawi imeneyo lili ndi alembi akale.

Nyamata wa ku Lobi: Alembi akalewo ndi alamu anu omwe, atateni. Mumaonana pamaliro aliwonse. Buku lingavute kutenga zaka zonsezi?

Msungichuma: Iwe uzilankhula mwaulemu. Bambo ako ndinavinidwa nawo limodzi.

Mkulu wa Mpingo: Abale, ine ndinene poyera. Gulu lino tinaliyambitsa chifukwa cha chitukuko, mjigo, mlatho, malata a kusikelo ya ana. Ngati ndalama za gule zilowa mu akaunti imodzi ndi zopereka zathu, ena chikumbumtima chathu sichitilola. Zipatulidwe.

Aphunzitsi Opuma: Abambo a mpingo, ine pa Mulungu ndimakhala benchi ya kumbuyo kwanu. Pitani ku Mua, ku KuNgoni, mukaone mmene a Katolika anasungira mbiri ya gule kuyambira 1976. Ndipo tsiku lija si la gule yekha. Amayi amavina chimtali, ana asukulu amaimba, amfumu amalangiza za moto wolusa ndi za kudula mitengo. Msitu ukatha, amayi a mvano ndi amayi a chisamba onse adzasowa nkhuni ndi bowa mofanana.

Nyamata wa ku Lobi: Ine ndinali ndi ganizo loti tidzaonetse mwambowo pa Facebook kuti a kunja aonere.

Aphunzitsi Opuma: Pabwalo jambulani amfumu akalola. Kuliunde foni isayandikire, mukudziwa nokha. Chaka chatha wina anazembera kumeneko, mlandu wake unathera pa mbuzi.

Wa ku Joni: Ine ndatopa. Ndimagwira ntchito usiku kuno kuti kwathu kuoneke bwino, koma ndangolandira milandu. Ndalamayo isakhudzidwe kaye mpaka ndilankhule ndi amfumu ndekha.

Aphunzitsi Opuma: Palibe wakuimba mlandu, mphwanga. Ndalama yakoyo ikhoza kugula zikopa za ng'oma, chimera, ufa wa alendo, ina n'kugula machubu ndi mbewu za nazale kuti mvula ikagwa tibzale kumtunda kuja. Ndilemba ndondomeko yonse madzulo ano.

Mlembi: Ndiye tikumane Loweruka kwa amfumu? Amene ali m'tauni atumize nthumwi.

Mkulu wa Mpingo: Loweruka kuli msonkhano wa madikoni.

Mayi a ku Area 25: Nthumwi yanga sibwera pokhapokha buku la mjigo likhalepo. A msungichuma, jambulani masamba ake muponye pano tonse tione.