Thandizeni: tikufuna kupita ku C2C ndi bambo okalamba komanso mwana

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka inu okhala kuno ku UK.

Bambo anga akubwera kuchokera ku Dedza kudzatichezera, ndipo ndikufuna kuwatengera ku Country to Country (C2C), chikondwerero cha nyimbo za country chomwe chimachitika mwezi wa March ku O2 Arena ku London. Iwowa nyimbo zimenezi ndi moyo wawo. Tikukula, wailesi ikangoyamba kuziimba madzulo, ankaiika pa khonde n'kutiletsa phokoso tonse. Sanaonepo oimba ake ndi maso.

Vuto ndi malo okhala. Tilipo asanu: ine, akazi anga, bambo, ndi ana awiri, wamng'ono wa zaka 6. Bambo ali ndi vuto la mawondo, amayendera ndodo. Pa intaneti ndikupeza mipando yomwazikana, ndipo yotsika mtengo ili pamwamba penipeni, komwe masitepe ake ndi otsetsereka kwambiri. Ndafunsa anzanga a kuntchito, palibe anapitako ndi banja. Matikiti ogulitsidwa ndi anthu wamba ndikuwaopa.

Amene munapitako, mipando ya anthu ovutika kuyenda mumaipeza bwanji, ndipo amalola banja lonse kukhala pamodzi? Nanga mwana wa zaka 6 angapirire phokoso lake atavala zotchinga m'makutu?

China, timakhala ku Leicester. Kodi tikatuluka usiku n'kukwera sitima ya pansi pa nthaka ya Jubilee line pa siteshoni ya North Greenwich, pafupi ndi O2, tingaipezebe sitima yobwerera ku Leicester pa siteshoni ya St Pancras, kapena tingogona ku London komweko?

Zikomo kwambiri.