Mwana wanga wa zaka 2 sakukhalabe pansi, akuti ndi cerebral palsy

Nachisale wa ku Bangwe:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka 2 koma sakukhalabe pansi, khosi ndi lawedewede, manja amangokhala chofumbata. Pobadwa anachedwa kulira, ndipo anagona kunazale sabata ziwiri. Adokotala atiuza kuti ndi cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo. Apongozi akuti ndi tsempho, oyandikana nawo akunong'ona kuti bambo ake anamukhwimira chifukwa cha kagolosale kathu. Kagolosale koti ngakhale lendi sikakwanitsa! Koma chondisowetsa tulo ndi kudya: phala akungotsamwa nalo. Alipo anadutsamo?

Make Mtsikana, Area 25:
Pepani asisi, ine ndi zomwezo. Wanga ali ndi zaka 7, anabadwa bwinobwino, chinamupweteka ndi malungo aakulu ali ndi miyezi 9. Za tsempho ndinazimva mpaka makutu kuwawa, mbuzi ziwiri zinathera kwa asing'anga osaona kusintha.

Pakudyapo, musamudyetse chogona chagada, ngakhale agogo ake anene kuti akatero chimalowa msanga. Mukhazikeni pamiyendo panu, msana wowongoka, chibwano chowerama pang'ono. Phala lisakhale lamadzimadzi, ndi lomwe limatsamwitsa; lilimbeko, muthiremo nsinjiro kapena dzira. Kasupuni kakang'ono, ndipo dikirani ameze musanamupatse kena. Ine mbale imodzi inkanditengera ola lathunthu, nsima yanga n'kuzizira. Panopa amagwira yekha supuni yomwe tinaikulunga nsalu kuchigwiriro.

Bambo Phiri:
Ndinagwirapo ntchito yothandizira a mafizo, aja othandiza odwala kuwongola ndi kulimbitsa ziwalo. Vutoli limabwera ubongo ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa kapena akadali khanda: kusowa mpweya monga mwafotokozeramo, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu, matenda oumitsa khosi. Silopatsirana, ndipo bala la mu ubongolo silikula. Mankhwala ochiritsiratu kulibe, wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu. Chomwe chimaipiraipira ndi minofu, imauma mwana akamangogonekedwa pamphasa tsiku lonse. Poti muli ku Blantyre, pitani ku mafizo ku Queens kapena kuchipatala cha Kachere, akuphunzitseni zochita naye kunyumba, mufunsenso za mpando womukhazikapo. Mafupa akafuna kuonedwa, kuli chipatala cha Beit CURE. Akamakomoka kapena kunjenjemera nenani msanga, chifukwa ana ena otere amakhalanso ndi khunyu, ndipo mankhwala ake alipo.

Make Mtsikana, Area 25:
Ndinaiwala, funsani za PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali. Komanso kumafizoko tsiku lina mutengane ndi apongoziwo. Anga anasiya zonenanena ataona amayi ena ali pamzere ndi ana ngati wathu.

Nachisale wa ku Bangwe:
Zikomo nonse. Madzulo ano ndamukhazika monga mwanenera amake Mtsikana, watsamwa kawiri kokha. Apongozi avomera kupita nane Lachiwiri, koma akuti kachithumwa ka m'chiuno ndisakachotse. Ndakasiya.