Kodi preamp yodula ingachotse phokoso m'kaswida amene ndajambula?

Wojambula wa ku Mpondasi
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto. Ndimajambulira kunyumba, m'chipinda chakumbuyo, chamalata chopanda siling'i, pansi simenti. Zida zanga ndi laputopu, intafesi (kabokosi kolumikiza maiki ku laputopu) ya Focusrite Scarlett 2i2 ya 3rd gen, maiki ya kondensa AT2020 ndi maiki ina ya SM58. Sabata yatha ndinajambula gulu la amayi 6 a kaswida. Anaimba bwino mpaka ine thupi kuchita tsemwe, koma nditavala mahedifoni usiku mtima unandiwawa. Mawu akumveka ngati anaimbira mumgolo, ndipo pansi pake pali kulira kwa "mmmm" kosaleka. Amayiwa anasonkha ndalama movutikira, sindingawapatse zimenezi. Mnzanga wa ku Blantyre akuti vuto ndi preamp (kachipangizo kokuza mphamvu ya maiki) ya mu intafesi, ndigule yapayokha ya mtundu wa 1073. Ndalama ndakhala ndikusunga kuyambira nthawi yokolola, ndipo mchimwene wanga akuchokera ku Johannesburg mu Disembala, atha kunditengera. Ndimuuze agule?

Mkulu wa situdiyo, Mangochi Boma
Achimwene, ndalamayo isiyeni kaye pomwe ili. Mwatchula matenda awiri, ndipo onse awiriwo preamp siichiza. Mphamvu imene imatuluka m'maiki ndi yochepetsetsa, timamilivoti tochepa chabe. Ntchito ya preamp ndi kuikuza kuti ifike pa line level, mulingo umene zida zojambulira zimagwira nawo ntchito. Tsono siisankha zokuza. Chilichonse chimene maiki yamva imakweza: mawu a amayi, mawu obwerera kuchokera kukhoma, fani, njinga yamoto ya kabaza yodutsa pamsewu. Yodulayo idzakweza zomwezo. Titumizireni masekondi 20 a pomwe palibe akuimba. Komanso laputopu inali pa chaja pojambula?

Wojambula wa ku Mpondasi
Inali pa chaja bwana, ndipo si chaja yake yoyambirira, ija inapsa ndiye ndinagula ina pamsika. Ndatumiza.

Wa zokuzira mawu, Namwera
Ndamvera kawiri. Imeneyo ndi hum ya magetsi, achimwene. Magetsi athu kuno ndi 230V pa 50 Hz. Tsegulani analyzer (chida choonetsa mawu pa chithunzi) ya mu EQ ya pulogalamu yanu yojambulira pa kachigawo mwatumizako, muona kaphiri pa 50, kena pa 100, kena pa 150. Preamp ikamavutika imachita "ssss" kumtunda, osati kulira kwapansi kumeneku.

Chitani izi lero lomwe, sizifuna ndalama. Zulani chaja, laputopu iyende pa batire, zimitsani masipika, mumvere pa mahedifoni okha. Phokoso likatha, mwampeza wakuba. Likatsala, sinthani chingwe cha XLR. Chingwe chimenechi chili ndi mapini 3 ndipo chinapangidwa kuti phokoso lolowera m'njira lizifafanizika, koma waya umodzi ukangomasuka pomwe anawotcherera, chimasanduka mlongoti wotola chilichonse. Onaninso ngati firiji kapena fani zili pa ekisitenshoni imodzi ndi zida. Ngati mumagwiritsa ntchito inveta magetsi akazima, dziwani kuti zotchipa zija za modified sine wave zimalowetsa phokoso lake lakuthwa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: wina akakuuzani kuti muthyole pini ya earth pa pulagi kuti hum ithe, musamvere. Waya ameneyo ndi amene amateteza munthu wogwira maiki. Itanani wamagetsi aone ngati masoketi anu ali ndi earth yeniyeni. Nyumba zambiri zimene ndalowamo ndi zida zanga, soketi ili ndi mabowo 3 koma kumbuyo kuli mawaya awiri.

Mayi wojambula makwaya, Malindi
Ine ndilankhule za mgolowo. Mwana wanga, amayiwo anaima patali bwanji ndi maiki?

Wojambula wa ku Mpondasi
Pafupifupi mita imodzi ndi theka amayi. Ndimafuna onse alowe mu AT2020, ndipo dufu, ng'oma ya kaswida ija, ankaimbira pomwepo.

Mayi wojambula makwaya, Malindi
Ndiye mwajambula chipinda, oimbawo angolowamo pang'ono. Mtunda ukawirikiza kawiri, mawu ochokera pakamwa amatsika ndi 6 dB, pamene obwerera kukhoma, kusimenti ndi kumalata amakhala chimodzimodzi paliponse m'chipindamo. Mukakweza gain, kukuza kwa preamp kuja, kuti oimba amveke, makoma nawo akwera.

Ine ndinavutika nazo zaka zambiri ndi makwaya a kuno kunyanja. Chimene chinandithandiza ndi matiresi. Imikani matiresi awiri okhuthala kumbuyo kwa woimba, osati kumbuyo kwa maiki kokha, chifukwa maiki yanuyo ndi cardioid, imamva kwambiri kumene yayang'ana, ndipo yayang'ana khoma la kumsana kwa woimbayo. Pansi yalani mabulangete. Pansi pa malata mangani chingwe mupachike bulangete lina lolemera. Matireyi a mazira aja anthu amakhoma musataye nawo nthawi, ndi opyapyala, sagwira mawu apansi ngakhale pang'ono.

Wotsogolera nyimbo mujambuleni payekha, pakamwa ndi maiki patalikirane ngati chikhatho chotambasula, pop filter (kansalu kotchinga mpweya wa pakamwa) pakati. Ovomera abwere pambuyo, atatuatatu, ayandikire. Dufu payekhanso.

Nthawi nayonso muziisankha. Mu Okutobala muno simungatseke anthu 6 m'chipinda chamalata masana fani itazima, mawu amauma ndipo malata amathetheka ndi dzuwa, maiki imatola. Ine ndimayamba m'bandakucha, anthu akangochoka ku swala ya Fajr, akabaza asanadzuke. Ndipo tsiku lopanda mphepo ndinajambulapo kwaya pansi pa mtengo wa mango. Panja palibe khoma lobweza mawu. Nthawi ya mwera yokha ndiye musayese.

Pulodyusa wachinyamata, Monkey Bay
Zonsezi ndikuvomereza akuluakulu, koma tisamuuze mnzathu ngati kuti ma preamp onse ndi amodzi. Ndinagwirapo ntchito mu situdiyo ina ku Lilongwe yokhala ndi ya mtundu wa 1073, mawu amatuluka onenepa, okhala pansi, usanaikepo plugin iliyonse. Ndi makutu angawa ndinamva. Komanso ine ndili ndi maiki ya Shure SM7B. Imafuna gain ya pafupifupi 60 dB, pamene 2i2 ya 3rd gen imathera pa 56. Woimba wa mawu ofewa akabwera ndimapotokola mpaka kumapeto ndipo "ssss" amayamba kumveka. Pamenepo preamp si nkhani?

Mkulu wa situdiyo, Mangochi Boma
Ndi nkhani ndithu, ndipo mwachita bwino kuitchula. 1073 inatuluka ku kampani ya Rupert Neve m'chaka cha 1970, ndipo kunenepa mukunenako kumachokera ku ma transformer ake, makamaka mukaikankha. Ine ndimaikonda. Koma umenewo ndi mchere wothira mu ndiwo zakupsa kale. Ku Lilongwe kuja munamva preamp, chipinda chokonzedwa, maiki yabwino ndi magetsi aukhondo, zonse pamodzi, ndiye n'kovuta kudziwa gawo la preamp payokha. Mukafuna kudziwa, jambulani woimba mmodzi pa 1073 komanso pa preamp ya mu intafesi, mulinganize voliyumu bwinobwino, wina akuseweretseni inu osaona. Chokwera pang'ono chimamveka chokoma nthawi zonse, ndipo ambiri timapusitsika pamenepo.

Vuto lanu la SM7B ndi lenileni, koma silifuna 1073. Kachipangizo ngati Cloudlifter CL-1 kamawonjezera mpaka 25 dB pogwiritsa ntchito magetsi a 48V amene intafesi imatumiza ku maiki ya kondensa. Kapenanso 2i2 ya 4th gen imafika 69 dB. Mnzathu wa ku Mpondasi nkhani yake ndi ina. AT2020 ndi kondensa, imatulutsa mphamvu yambiri kale, ndipo Cloudlifter siipititsa 48V ku maiki, choncho pa kondensa siigwira n'komwe.

Achimwene a ku Mpondasi, lingaliraninso izi. Preamp yapayokhayo nthawi zambiri imakhala ya tchanelo chimodzi, inu mumajambula magulu. Idzalowera pa line input ya intafesi yomweyo. Ndipo imafuna kulumikizidwa kukhoma, pa soketi yomwe tikuikayikirayo. Jambulani pa 24-bit, mawu akakwera kwambiri azifika cha pa -12 dBFS pa mita ya mawu, musathamangire kufiira. Pa mawu a amayi ikani high-pass (sefa yodula mawu apansi) cha pa 80 Hz, koma pa dufu ayi, mungamuchotse mimba.

Wa zokuzira mawu, Namwera
Ndiwonjezere kakang'ono. Kuno kunyanja chinyezi chimalowa mu kondensa, imayamba kuthetheka yokha. Mukamaliza muziibwezera m'bokosi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Wojambula wa ku Mpondasi
Ndabweranso akuluakulu, papita masiku 4. Nditazula chaja, "mmmm" uja anatsika kwambiri pomwepo. Kotsalako kanali ka chingwe, nditatsegula pulagi ya XLR ndinapeza waya wa pa pini 1 ukulendewera. Wamagetsi anabwera dzulo, wapeza kuti earth ya chipindacho sinalumikizidwe kulikonse, akhoma ndodo ya earth m'nthaka Lolemba. Lero m'mawa ndinaitana mayi wotsogolera yekha, matiresi awiri kumsana, bulangete pansi pa malata, laputopu pa batire. Nditawaveka mahedifoni anakhala chete nyimbo yonse, kenaka anati ndiwabwerezere. Mchimwene wanga ndamuuza abweretse chaja yeniyeni ya laputopuyi, zingwe ziwiri za XLR ndi kondensa yachiwiri. Chandivuta tsopano ndi dufu. Pa SM58 akumveka ngati katoni.

Mayi wojambula makwaya, Malindi
Mwaiyandikiza kwambiri pachikopa. Ibwezeni m'mbuyo ngati zikhatho ziwiri, iloze pakati pa mkombero ndi pakatikati, ndipo dufuyo awambe kaye pamoto pang'ono, chikopa chimalefuka ndi chinyezi cha m'mawa. Loweruka ndikubwera ku boma kudzagula zinthu, ndikutengerani kondensa yanga ina mubwereke mpaka Disembala. Tikumane pa mlatho wa Bakili Muluzi cha m'ma 9 koloko, mbali ya kumsika.