Mita ya pa panel ikuti 3.1 A, clamp ikuti 125 A: vuto lili pati?

Wophunzira_magetsi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa panel ya pampu ya three-phase pali mamita awiri a digito, onse atsopano. Yoyamba ndi ya magetsi, ya mamilimita 96x96, yolumikizidwa ku ma CT (current transformer, zochepetsa current kuti mita ithe kuiyeza) atatu a 200/5. Ikuonetsa 3.1 A pomwe clamp (mita ya m'manja yopanira pa waya) ikuwerenga 125 A pa feyizi iliyonse, ndipo kW ya L2, feyizi yachiwiri, ikubwera ndi minus. Yachiwiri ndi ya presha, imalandira 4–20 mA kuchokera ku transmitter ya 0–10 bar. Pampu ikaima nambala imakhala bata, koma VFD (chipangizo chosintha liwiro la mota) ikangodzuka imayamba kuvinavina pakati pa 4.2 ndi 5.1, relay ya alamu n'kumangotseka ndi kutsegula. Mamitawa ndi akufa, kapena ndi mawaya?

Mmisiri_wa_panel:
Achimwene, mita yoyambayo ilibe vuto. Gawani 125 ndi 40, mupeza 3.1. CT ya 200/5 imachepetsa current ka 40, ndiye mita ikungonena zomwe zikulowa pa materminolo ake, chifukwa idakali pa 5/5 yomwe inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Lowani mu setup, CT primary muike 200, secondary 5. Muli momwemo onaninso mtundu wa mawaya, 3P4W ngati neutral ilipo, 3P3W ngati palibe.

Minus ya L2 ndi CT yotembenuka. Mbali ya CT yolembedwa P1 imayang'ana komwe magetsi akuchokera, P2 ku katundu, ndipo S1 ndi S2, mawaya a secondary, zipite pomwe chithunzi cha pa mita chikunena. Imodzi ikatembenuka, ma amp amaoneka bwinobwino koma kW yonse imatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo kWh imawerengedwa yoperewera mwakachetechete. Mukasinthanitsa S1 ndi S2 koma power factor ikadali yachilendo, ndiye kuti CT ya L2 yalowa pa I3, polowera CT ya feyizi yachitatu, kapena mawaya a voteji asokonezana. CT iliyonse iyendere limodzi ndi voteji ya feyizi yake.

Koma chonde, musamasule waya wa S1 kapena S2 pampu ikuyenda. CT yotseguka ku secondary imatulutsa voteji yaikulu yoti n'kupha munthu kapena kuwotcha CT yomwe. Zimitsani kaye, apo ayi gwirizanitsani S1 ndi S2 pa shorting block musanagwire china chilichonse.

Kachingwe:
Pa ya presha, musathamangire kukweza filter ya mu setup yosalaza nambala, mungangobisa matenda. Yambani mwapeza komwe phokoso likulowera. Chotsani waya wa transmitter pa mita, mulowetsepo loop calibrator (chipangizo chotulutsa mA yomwe mwasankha) pa 12 mA. Ngati scaling ili bwino, 4 mA pa 0.00 ndi 20 mA pa 10.00, mita iyenera kunena 5.00. Kenako dzutsani VFD. Nambala ikakhala chete, phokoso likubwera ndi chingwe cha kunja. Ikavinabe, likulowera ku magetsi odyetsa mita, ndiye ipatseni 24 V DC yakeyake kapena muike line filter.

Kawirikawiri chimakhala chingwe. Chikhale cha twisted pair chokhala ndi shield, ndipo shieldyo ifike ku earth mbali imodzi yokha, ya ku panel. Chisagone mu trunking imodzi ndi chingwe chochoka ku VFD kupita ku mota. Zitalikirane masentimita 30 kapena kuposa, ndipo pomwe zikakamizika kukumana zidutsane mopingasa. Mukakonza zimenezi ndiye muike filter ya sekondi imodzi kapena ziwiri.

Relay ikugwedera chifukwa hysteresis, mpata wa pakati pa pomwe alamu imayaka ndi pomwe imazima, ili pa ziro. Ngati alamu ili pa 4.5 bar, ikani hysteresis ya 0.3 ndi delay ya masekondi atatu. Ikamakoka koyilo ya contactor, ikani RC snubber (resistor ndi capacitor zochepetsa spark) pa koyiloyo, apo ayi timakontakiti take tipsa msanga. Muikenso alamu ina pansi pa 3.6 mA, kuti waya ukaduka mita inene kuti waduka, isamangoonetsa ngati presha yatsika.

Wophunzira_magetsi:
Zikomo akulu. Ma CT ali pa mawaya otuluka mu VFD, mamitala 20 kuchokera pa mita, pa waya wa 2.5 mm². Zimenezo zili bwino?

Mmisiri_wa_panel:
Ayi, pamenepo pali zinthu ziwiri zolakwika. Mamita ambiri a mtundu umenewu anapangidwira 45 mpaka 65 Hz ndi voteji yosalala. Zotuluka mu VFD n'zodukaduka ndipo frequency imasinthasintha, ndiye kW yake simungaikhulupirire. Sunthani ma CT ndi mawaya a voteji apite kutsogolo kwa VFD, komwe magetsi akulowera. Ngakhale kumeneko current siyosalala, choncho mita ikhale ya true RMS, clamp yoyesera nayonso chimodzimodzi. Current ya mota yeniyeni muziiwerenga pa VFD pomwepo.

Chachiwiri ndi mtunda. Mamitala 20 kupita ndi kubwera ndi 40, pa 2.5 mm² ndi pafupifupi 0.3 ohm. Pa 5 A zimenezo ndi 7.5 VA zongothera mu waya. Ngati CT yanu ndi ya 5 VA, iyamba kuwerenga zochepa katundu akachuluka. Ikani waya wa 6 mm², kapena musinthe ma CT akhale a 200/1 ngati mita ikulola 1 A. Pamenepo waya womwewo ungodya 0.3 VA basi.