Cheesecake ya Loweruka kwa Agogo

Achemwali a ku Katoto: Mwaswera bwanji nonse? Za Loweruka kwa Agogo ku Chibavi, nkhuku ndi mpunga wa Kilombero zili m'manja mwa Amalume. Chatsala ndi keke. Kumeneko kulibe uvuni, ndiye tipange cheesecake, keke ya tchizi yosaphika, ya zipatso pamwamba. Tikhalapo anthu 24. Chitini cha masentimita 23 chimatulutsa magawo 12, choncho zikufunika ziwiri.

Azakhali: Taswera. Ndalemba za keke imodzi, wogula achulukitse kawiri. Pansi: mabisiketi a Marie magalamu 250, batala magalamu 110. Pakati: cream cheese (tchizi wofewa) magalamu 500, shuga wa ayisingi magalamu 100, kirimu womenya mamililita 300, madzi a ndimu masupuni awiri aakulu, jeletini (ufa wolimbitsa keke) magalamu 10.

Amalume: Ndalama ya batala ndi kirimu ndituma pa foni madzulo ano. Koma majarini ali kale m'nyumbamu sangachite?

Azakhali: Achimwene, majarini wopaka pa buledi uja ayi. Ali ndi madzi ambiri ndipo sauma m'firiji, ndiye pansi pa keke pamangofumbutuka mukamadula. Batala akazizira amalimba, n'kugwira mabisiketi pamodzi. Akasowa, bola majarini wolimba wokulunga m'pepala.

Mlamu wa ku Luwinga: Pansipo mundisiyire ine. Mabisiketi timawaika m'jumbo n'kuwapera ndi botolo mpaka akhale ngati mchenga wa kunyanja, popanda zibenthu. Batala asungunuke pamoto wochepa, asapse. Tikasakaniza, timatsindira m'chitini ndi kunsi kwa tambula, makamaka m'mphepete, kenako m'firiji mphindi 30. Ndili ndi chitini chimodzi chotsegula m'mbali. Chinacho ndi wamba, ndiyalamo pepala lophikira lotulukira kunja kuti tidzanyamulire keke.

Achemwali a ku Katoto: Cream cheese m'tauni ndi yodula, komanso siipezeka nthawi zonse. Magalamu 1,000 tikwanitsa?

Amayi aang'ono: Mugule 500 yokha, ina tikonza ndi yogati wopanda shuga kapena chambiko. Yalani kansalu koyera kowiritsa pa sefa, sefayo ikhale pa mbale, thiranimo, muike m'firiji usiku wonse kuti madzi akhe. Otsala pansaluyo amakhala ochindikala moti supuni imaima. Pafupifupi theka limapita ndi madzi, ndiye mugule malita awiri kuti tisaperewere. Tisakanize theka cream cheese, theka wokhetsayo m'keke iliyonse, ziwirizo zifanane. Chambiko ndi wowawasa kale, madzi a ndimu mungothira supuni imodzi, mulawe kaye.

Azakhali: Mukatero jeletini musamusiye, ndiye amene adzaimitse keke. Apa ndi pamene ambiri zimawakanika, ndiye mumvetsere. Muwaze jeletiniyo pa madzi ozizira masupuni anayi aakulu, adikire mphindi 5 afufume. Kenako kapuyo muiike m'mbale ya madzi otentha, muzitakasa mpaka timibulu tonse tithe. Asawire, akawira mphamvu yake imachepa. Musamukhuthulire mwachindunji mu zozizira, amaundana pomwepo n'kukhala tizingwe tonga labala. Tapani masupuni awiri a cream cheese yosakaniza kale ndi shuga ndi madzi a ndimu, muike mu jeletini wofunda, mutakase, ndiye mubwezere zonse m'mbale yaikulu.

Mlamu wa ku Luwinga: Ndiwonjezere, Azakhali. Cream cheese ituluke m'firiji ola limodzi tisanayambe kuti ifewe, apo ayi imachita mibulu. Kirimu ndiye ayi, akhale wozizira kwambiri, ndi mbale yomenyeramo yomwe. Mumenye mpaka mukakweza chomenyera patsale kansonga koima. Mukapitirira pamenepo amalekana n'kusanduka batala, ndipo sabwereranso. Pomuphatikiza ndi cream cheese muzitembenuza pang'onopang'ono ndi supuni yaikulu kuchokera pansi, mpweya usathawe.

Mdzukulu: Ine ndibwera ndi nanazi wa ku Nkhata Bay ndi papaya, tiike m'kati momwemo.

Azakhali: Ayi mwanawe, m'kati ayi. Nanazi wosaphika ndi papaya zili ndi michere imene imaphwanya jeletini, keke siingalimbe ngakhale igone m'firiji masiku awiri. Nanaziyo umudule tizidutswa, umuwiritse ndi shuga masupuni atatu kwa mphindi 10, azizire bwinobwino. Moto umapha michereyo. Papaya tidzadya payekha.

Achemwali a ku Katoto: Ndiye imodzi ya nanazi wowiritsa, inayo ya mango ndi magalagadeya. Nthochi tisaike, zimada msanga.

Amayi aang'ono: Mango akhale opanda ulusi, akupsa koma olimba. Zipatso zonse tiike pamwamba Loweruka m'mawa, titazipukuta ndi kansalu. Zikagona pa keke zimatulutsa madzi n'kunyowetsa pamwamba ponse.

Amalume: Wogula jeletini awerenge paketi. Wambiri amapangidwa kuchokera ku nkhumba, ndipo apongozi athu a ku Mchengautuwa sadya nkhumba. Mufunefune wolembedwa kuti ndi wa ng'ombe. Chachiwiri, magetsi akazima Lachisanu usiku titani?

Mlamu wa ku Luwinga: Kekeyi imafuna maola osachepera 6 m'firiji, koma usiku wonse ndiye bwino. Tipange Lachinayi madzulo kuti tikhale ndi tsiku lapadera. Ndiumitsiratu mabotolo anayi a madzi mufiriza. Magetsi akapita, mabotolowo alowa m'firiji pafupi ndi keke, ndipo chitseko wina asatsegule. Tivundikire bwino, zamkaka zimatenga fungo la usipa ndi anyezi.

Azakhali: Popita ku Chibavi zikhale m'zitini momwemo, m'kula bokosi ndi mabotolo aja, pansi m'galimoto osati pamiyendo. Zitulutsidwe anthu akamaliza kudya, zisakhale panja kupitirira maola awiri. Podula, mpeni uviikidwe m'madzi otentha n'kupukutidwa gawo lililonse. Gawo la Agogo lichepe zipatso za njere, magalagadeya amawavuta m'mano.

Achemwali a ku Katoto: Chabwino. Zogula ndi ine Lachiwiri. Amayi aang'ono mukhetse chambiko Lachitatu usiku. Lachinayi 5 koloko tikumane ku Luwinga kwa Mlamu, Azakhali mubwere ndi chomenyera chanu chamagetsi. Iwe Mdzukulu, nanazi afike Lachisanu ali wowiritsa kale.

Mdzukulu: Ndamva. Kula bokosi nditenga ya kwa Amalume.